Kiti ya timing belt ya Corolla 5A-FE: lamba ndi wabwino, koma sipuling'i mulibe

Ndikuipatsa nyenyezi 4 mwa 5. Ndinaigula pa shopu ina ya masipeya mu tauni muno, ndipo ndinamanga ndekha pakhomo ku Chibavi, mu Mzuzu, galimoto itakwana makilomita 100,000 kuchokera pa nambala ya pa sitika yosonyeza pomwe anasinthira lamba komaliza, yomwe inachokera nayo ku Japan.

Lambayo, amene amalumikiza crankshaft ndi camshaft kuti ziziyenda mogwirizana, ndilibe naye chifukwa. Mano ake anakhala ndendende pa mapule onse, ndipo tensioner, kagudumu kokunga lamba, ikuzungulira mwakachetechete. Yakale ija ukaizunguza ndi chala imamveka ngati muli mchenga.

Nyenyezi imodzi ndachotsa chifukwa m'bokosi munalibe sipuling'i ya tensioner, wogulitsanso sananene. Pa injini imeneyi kasipuling'i kameneka ndi kamene kamakoka tensioner kuti lamba akungike pa muyezo wake. Ukamasula bawuti ya tensioner, iko kamakoka kokha, iwe n'kuzunguza crankshaft kawiri kutsata mmene wotchi imayendera, n'kuonanso ngati zizindikiro zakumana: kabowo ka pa pule ya camshaft kayang'anizane ndi chizindikiro cha kuseri kwake. Zikatero ndiye umange bawutiyo pa 37 Nm. Ukadina lamba pakati ndi mphamvu ya makilogalamu 2, alowe mamilimita 5 kapena 6 basi. Ndiye sipuling'i ikakhala yotopa, zonsezi zimaphonyeka. Yanga inali itatamuka, moti ndinakwera kabaza kukasaka ina, injini ili pa jeke, thabwa lili pansi pa sampu chifukwa mounting ya kumanja yogwira injini imayenera kuchoka.

Amakaniko ena amangokankha tensioner ndi chitsulo kuti lamba akungike kwambiri, ati asadumphe mano. Zimenezo ine ayi. Lamba wothina amalira mluzu, ndipo amadya bering'i msanga.

Bawuti ya pule ya crankshaft ndiye inanditulutsa thukuta ngakhale kunali chisanu cha Juni. Pezeranitu sipanala yaitali ndi munthu wokugwirirani.

Chimangireni, galimotoyi ndatsika nayo ku Nkhata Bay n'kukwera zitunda zija pobwerera itanyamula anthu ndi matumba a chinangwa, osamva kaphokoso kalikonse. M'mawa ikulira kamodzi. Kitiyi ndingaigulenso, koma musanachoke pa kauntala tsegulani bokosi muone zomwe zilimo, ndipo mufunsiretu sipuling'i ndi oil seal ya camshaft, poti chivindikiro cha lamba chikhala chili chotsegula kale.