Alangizi a Fisheries kuno ku Chipata, ine ndawayamikira

Amene mufuna kuyamba ulimi wa nsomba m'madamu, musanakumbe pitani kaye ku Department of Fisheries, ili pansi pa unduna wa Fisheries and Livestock. Uphungu wawo ndi wa nzeru zedi, amakuuza kuti dothi la mchenga silisunga madzi, funa la makande pafupi ndi dambo, komanso damu lisazame kwambiri, mita imodzi kapena kupitirirako pang'ono basi. Za manyowa a nkhuku nazo amafotokoza bwino, madzi azioneka obiriwira chifukwa tinthu tobiriwira timeneto ndi tizakudya ta nsomba, gaga ndi wongowonjezera, koma ukathira manyowa mopyola nsomba zimasowa mpweya, m'mawa mumaziona zikuyasamula pamwamba.

Chomwe chinandikomera ndi nkhani ya fish ban. Kuyambira pa 1 Disembala mpaka kutha kwa Febuluwale boma limatseka usodzi kuti nsomba ziswane, ndiye nthawi imeneyo pa msika nsomba zimachepa, wa damu ndi amene amadyerera. Amakulangiza kuti uike mbewu (tiana ta nsomba) m'damu molinga miyezi imeneyo, nanga si zimatenga pafupifupi miyezi 6 kuti zikule.

Chowawa ndi mtengo wa feed m'mashopu abale, umenewo alangizi sangautsitse.