Nazale imene ndinagulako mbande, ndemanga yanga patatha miyezi 6

Ndinadikira dala kuti ndione kaye ngati mitengo yagwira ndisanalembe, pano yatha miyezi 6 ndiye ndiyankhule. Ndinagula mbande 20 zomezanitsa, mapeyala 12 ndi malalanje 8, pa nazale ina yake.

Ine ndinapita ndi maganizo oti ndingoloza zobiriwira kwambirizo, ndilipire, basi ndizipita. Amayi amene ndi manijala pamalopo anandikaniza. Akuti zimenezo zikadali pansi pa neti ya mthunzi, sanazikhwimitse, ndikakazibzala padzuwa sabata sitha zafota. Ananditengera kumzere wina kumene mbande zake sizimaoneka zokongola kwenikweni, masamba olimbalimba, chifukwa anali atazichepetsera madzi ndi kuzizoloweza dzuwa pang'onopang'ono. Kenako anang'amba chubu chimodzi ine ndikuona, kundionetsa mizu yoyera bwino, yosapotana pansi ngati chingwe, akuti mbande ikakhalitsa muchubu mizu imazungulira ndipo mtengo wotero umakula monyentchera ngakhale uthire manyowa otani. Apa mpamene ndinawakhulupirira, wogulitsa wina sangawononge chubu chake chifukwa cha kasitomala wa mbande 20.

Kunena zoona ine ndinkayesa ntchito ya manijala wa nazale ndi kungouza anyamata kuti thirirani. Ayi ndithu. Ali ndi kabuku kothimbirira ndi dothi momwe amalemba tsiku lofesa, tsiku lomezanitsa, mtundu wa mtengo umene anadulako kanthambi, zingati zagwira zingati zafa, ndipo amayenera kuganiziratu zomwe anthu adzafune nyengo yobzala ikubwerayo pomwe mbewu yake sinamere nkomwe. Ngakhale madzi enieniwa akuti akachuluka timbande tating'ono timaola patsinde nkugwa bedi lonse. Tchuthi sindikudziwa ngati amachiona, mbande sizidziwa kuti lero ndi Lamlungu.

Zodandaula zilipo. Zikwangwani za maina ndi zochepa, moti nditafika kunyumba malalanje aja sindinathenso kusiyanitsa mitundu yake. Pa WhatsApp amayankha mochedwa zedi, funso la Lolemba yankho Lachinayi. Komanso mnyamata amene anapakira mgalimoto anasanjikiza machubu, mbande imodzi inathyoka pomwe anamezanitsa paja, sanandibwezere ina, zinandiwawa.

Mwa 19 zotsalazo 18 zili moyo, inayo ndinaipha ndekha, ndinakwirira mfundo yomezanitsa ija mudothi pomwe amayi aja anandichenjeza kuti izikhala pamtunda. Anandiuzanso kuti ndizithothola mphukira zotuluka mmunsi mwa mfundoyo, apo ayi tsinde lapansi limalanda mphamvu. Peyala lomezanitsa limayamba kubereka pakatha zaka 3 kapena 4 pomwe lochokera ku nthangala limatha kukudikiritsa zaka zoposa 5, ndiye za zipatso tidzakambirana nthawi yake. Ndibwererako mwezi wamawa kukatenga mandimu, koma ulendo uno ndikapakira ndekha.