Kong yofiira ya agalu: yathandiza, koma si mankhwala a zonse

Amene mumasiya galu yekha pakhomo tsiku lonse, chinthu ichi ndi chabwino ndithu koma muwerenge kaye musanatulutse ndalama. Yanga ndi Kong Classic yofiira, saizi ya L, anandigulira achemwali anga amene amapitapita ku Johannesburg. Ndi chidole cha agalu choikamo chakudya, cha mphira wolimba wa mphako mkati, kabowo kakang'ono mbali ina, lalikulu mbali inayo, ukaiponya imanjanja mosadziwika kolowera. Kampani yake ndi ya ku Colorado ku America ndipo akhala akupanga kuyambira m'ma 1970.

Ine ndimakhala ku Area 25 ntchito ku City Centre, ndiye ndi mdipiti wa magalimoto wapa Kanengo uja ndimanyamuka m'mamawa kubwera kuli mdima, mayi akunyumba nawo ku geni, ana kusukulu, galu yekhayekha mumpanda. Anakumba mayenje m'dimba, tomato yense kuzula, masilipasi apakhonde kutafuna, payipi yothirira kuidula pakati. Mpaka amayi apaneba anandiimitsa pageti, amvekere, "Bambo, galu wanu uja amalira mpaka kumvetsa chisoni, simungamuonereko njira?"

Kong yopanda kanthu galu wanga saiyang'ana n'komwe, nkhani yagona pa zoikamo. Ndimaphika mbatata n'kuinyenya, kusakaniza ndi tiusipa tochepa totsuka kuti mchere uchoke, kapena chakudya chake chomwe chija chonyowetsa, kenako ndimaika mu Kong muja, pabowo lalikulu lija ndimamata ndi chiponde. Usiku ndimaiika mufiliji kumtunda koumitsa kuja. Yosauma amaimaliza kanthawi kochepa basi, koma youma amalimbana nayo nthawi yaitali, kuigwira ndi miyendo yakutsogolo, kunyambita, kuikankha ndi mphuno, kuinyamula n'kuigwetsa pasimenti kuti zam'kati zituluke, akamaliza watopa amakagona pansi pa mtengo wa mango. Poyamba musathinitse kwambiri, azipeza mosavuta kaye apo ayi amagwa ulesi n'kuisiya. Magetsi akathima usiku ndiye imacha yosauma, palibe kuchitira mwina.

Chiponde ine ndimagwiritsa chosinja tokha chopanda shuga ndi mchere. Ngati ndi chamusitolo werengani pabotolo, china makamaka chochokera kunja amathiramo xylitol, chotsekemeretsa cholowa m'malo mwa shuga, ameneyu amatha kupha galu ngakhale atadya pang'ono chabe. Anyezi, adyo, chokoleti, mphesa, mafupa ankhuku ophika, zonsezi ayi. Ndiye ndiwo zotsala zija zokazingira anyezi musaikemo chonde. Saizi musagule yaing'ono pofuna kutchipa, ikhoza kumutsamwa, ndipo agalu a nsagwada zamphamvu pali yakuda ya Extreme. Kutsuka tsiku lililonse ndi madzi ofunda ndi mswachi wakale, mukaisiya ndi nyerere zokhazokha. Mnzanga anagula yofanizira yapulasitiki yotchipa, galu anaiswa tsiku lomwelo n'kumeza tizidutswa, zoopsa zedi.

Tsopano apa ndi pamene ndikufuna mumvetse. Kukumba ndi kutafuna kunachepa msanga, koma kulira sikunathe. Tinasiya foni yakale pawindo ikujambula vidiyo, nditaionera mtima unandiwawa. Geti kungotsekeka, galu ali chiimire pomwepo kulira, kukanda chitsulo, wefuwefu dovu lili chuchuchu, Kong ili apo yodzadza osaikhudza mpaka atatopa. Adokotala a ziweto anandiuza kuti izi ndi ziwiri zosiyana. Galu wongosowa chochita amaononga paliponse ndipo chakudya amadya, koma wa nkhawa yosiyidwa yekha amayamba mutangotuluka, amalimbana ndi potulukira, ndipo nthawi zambiri sadya. Wamantha chidole sachiona.

Chimene chinathandiza ndi kumuzoloweza pang'onopang'ono, makamaka Loweruka ndi Lamlungu. Kutenga makiyi, kuvala nsapato, n'kungokhala pansi osapita kulikonse, kuti asamati akamva makiyi basi wayamba kunjenjemera. Kenako kutuluka pageti kanthawi kochepa kwambiri n'kubwerera asanayambe kulira, mawa kuonjezerako pang'ono, choncho choncho. Pochoka osatsanzika kwambiri, pobwera osakokomeza chisangalalo, akhazikike kaye ndiye kumusisita. Kong nayo ndimampatsa ngakhale tili pakhomo pomwepo kuti asaione ngati belu loti anthu akuchoka. Ndipo m'mawa ndisanasambe timazungulira naye kumsewu wafumbi wakuseri kwathu, ndimamulola anunkhize mmene akufunira, kununkhizako kumamutopetsa kuposa kuthamanga.

Chinthu china chimandipweteka kuno kwathu, munthu kufika madzulo kupeza nsapato yotafunidwa n'kutenga ndodo. Galu sangalumikize ndodoyo ndi nsapato imene anatafuna m'mawa, amangophunzira kuti bwana akafika kumakhala zoopsa, nkhawa ija n'kuonjezekera. Chimodzimodzi kumumanga tcheni tsiku lonse padzuwa la Okutobala opanda mthunzi ndi madzi, ndiye mudabwe kuti akuuwa usiku wonse. Ngati wanu akufika podzivulaza zikhadabo kapena mano pageti pitani naye kwa adokotala, kuno ku Lilongwe kuli bungwe losamalira nyama la LSPCA komanso madokotala ena a ziweto, nthawi zina pamafunika ndi mankhwala omwe pamodzi ndi kumuphunzitsako.

Pano amayi apaneba akuti amangolira pang'ono kenako zii. Kong ija mano aikandakanda koma sinang'ambike paliponse. Ndikuipatsa nyenyezi 4 pa 5, imodzi ndachotsa chifukwa kuno siipezeka wamba ndipo ukaisintha mu makwacha ndalama yake ndi yambiri ndithu. Ndawatuma kale achemwali kuti ulendo uno abweretse yachiwiri, kuti ina izikhala mufiliji ina ili ndi galu.