Ndemanga pa ntchito yoika injini ya RB25DET mu Datsun 260Z

Ndemangayi ikukhudza galaja ina ya kum'mawa kwa Johannesburg imene inachotsa injini ya L26 m'galimoto yanga ya Datsun 260Z ya 1975 ndi kuikamo RB25DET yochokera mu Nissan Skyline R33. Ndikulemba nditayenda nayo kwa miyezi ingapo, m'tauni komanso mumsewu waukulu wa N3.

Injini yakale inali ya masilinda 6 ndi malita 2.6, ndipo inkalandira petulo kudzera m'makabureta awiri. RB25DET nayonso ili ndi masilinda 6 ondandalikana mzere umodzi, n'chifukwa chake imakwana bwino pansi pa boneti yaitali ya galimotoyi, koma ndi ya malita 2.5, ili ndi mavavu 24 ndi turbo, ndipo petulo wake amayendetsedwa ndi kompyuta. Mphamvu yake ndi pafupifupi 184 kW, yochuluka ndithu pa galimoto yolemera makilogalamu pafupifupi 1,100. Kuno ku Johannesburg, komwe kuli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750 ndipo mpweya ndi wopepuka, injini yopanda turbo imafooka moonekeratu, pamene ya turbo imadzipanikizira yokha mpweya, motero kusiyana kwake kumamveka kwambiri pokwera chitunda.

Pa ntchito ya injini yeniyeniyo ndilibe dandaulo. Sampu ya Skyline, chibeseni chosungira oyilo pansi pa injini, imakhala ndi mimba yake kutsogolo, pomwe mu Datsun pamadutsa chitsulo chopingasa ndi zida za chiwongolero, choncho amakaniko anaika sampu ya mimba kumbuyo pamodzi ndi chubu chake chokokera oyilo, ndipo mpaka lero sipanagwe ngakhale dontho. Zitsulo zogwirizira injini anapanga okha, ndipo kuwotcherera kwake n'kwaukhondo. Anasinthiratu lamba wa taimingi ndi pampu ya madzi injini isanalowe, zimene mwini Datsun angaiwale mosavuta chifukwa L26 imayendera tcheni osati lamba. Mawaya onse anawamanga bwino ndi kuwalemba mayina.

Chimene chinandisangalatsa koposa ndi kukana kwawo kukweza mphamvu ya turbo kupitirira mapaundi 7 (psi, muyezo wa kupanikizika kwa mpweya) amene inabwera nawo kuchokera kufakitale. Mkulu wa pagalajapo anandifotokozera kuti kagudumu ka mbali ya utsi mu turbo ya R33 ndi ka seramiki, ndipo kamatha kuthetheka ngati munthu akukakamiza mopyola muyezo. Anthu ambiri a ntchito yotere amakonda kusangalatsa kasitomala ndi manambala aakulu, koma iwowa anasankha injini yokhalitsa, ndipo ine ndikugwirizana nawo.

Vuto lili pa mtengo umene anandiuza poyamba, chifukwa unangowerengera injini, giyabokosi ndi kuikako. Ntchito itafika pakati m'pamene anatchula kuti mapaipi ndi pampu ya petulo za galimoto ya makabureta sizingakwanitse mphamvu yokankhira petulo ya pafupifupi 3 bar imene injini yatsopanoyi imafuna, motero panafunika pampu ina, paipi yobwezera petulo ndi kathanki kothandizira kuti injini isasowe petulo pokhota. Kenako panabwera nkhani ya difu (bokosi la magiya logawira mphamvu ku matayala akumbuyo), yoti yakale ya mtundu wa R180 ichoke ndipo ilowe ya R200, komanso ya mabuleki akumbuyo amene anali a dramu. Zonsezi zinali zofunikadi, ndipo palibe munthu wanzeru amene angayendetse galimoto yamphamvu chotere ndi mabuleki a 1975, koma akatswiri amene anagwirapo kale ntchito yotere ankadziwa zimenezi kuyambira tsiku loyamba ndipo anayenera kuzilemba pa pepala la mtengo. Ndalama zinakwera kwambiri, ndipo nthawi imene analonjeza inapyola kutali.

Pali zina zing'onozing'ono zimene sanamalize. Paipi ya utsi yochokera ku turbo imadutsa kumanzere, pafupi ndi mapazi a wokwera, ndipo chotchingira kutentha chimene anaikapo n'chochepa, kotero kuti m'chilimwe wokhala mbali imeneyo amadandaula. Wotchi ya liwiro sikugwirabe ntchito, chifukwa giyabokosi ya R33 imatumiza liwiro pamagetsi pamene wotchi ya Datsun imayendetsedwa ndi chingwe chozungulira. Pa mapepala anandithandiza bwino, pakuti anandipatsa zikalata zonse za injiniyo, zimene apolisi amafuna asanavomereze kuti nambala yatsopano ya injini ilembedwe mu kaundula wa galimoto.

Ndikuwapatsa nyenyezi 4 mwa 5. Amene akufuna kupititsako galimoto yake awauze kuti alembe mtengo wa zonse pamodzi, kuphatikizapo za petulo, difu, mabuleki ndi wotchi ya liwiro, asanapereke ndalama yoyamba.