Pulogalamu ya LSAT ija patatha miyezi: nkhani ya main conclusion

Mwezi woyamba nditalipira pulogalamu ya pa foni yokonzekera LSAT ndinaichemerera kwambiri, ndinati imagawa mafunso m'magulu bwinobwino, mavidiyo ake ndi omveka, ndipo ndinalonjeza kuti ndidzanenanso ndikaigwiritsa ntchito nthawi yaitali. Nde ndabwera. Dzina la kampani silituluka pano chifukwa zina zomwe ndinene si zoyamikira ayi.

Kwa amene simukuwadziwa mayesowa, LSAT amakonza ndi a Law School Admission Council (LSAC), ndipo sukulu zambiri za zamalamulo kuno ku America ndi ku Canada zimayang'ana malikisi ake ukafuna kuyamba digiri ya JD. Malikisi amayambira 120 kulekezera 180. Kuyambira mu Ogasiti 2024 anachotsa gawo lija la Logic Games, ndiye pano pa magawo atatu omwe amawerengedwa awiri ndi a Logical Reasoning, limodzi ndi Reading Comprehension, kenako pali lina loyesera mafunso atsopano lomwe siliwerengedwa koma sakuuza kuti ndi liti. Gawo lililonse mphindi 35, mafunso a Logical Reasoning amakhala cha m'ma 25, mayankho asanu A mpaka E. Mukawerengetsa muona kuti funso limodzi silikwana ndi mphindi imodzi ndi theka yomwe.

Tsono chomwe ndikufuna kukamba ndi mafunso a mu Logical Reasoning akuti pezani main conclusion. Amakupatsa kandime ka mizere inayi kapena isanu, munthu akutsutsa zinazake, nde iwe upeze mfundo yomwe iyeyo akufuna uvomereze, osati zifukwa zomwe akuperekera. Pulogalamuyi inandiphunzitsa mwachidule kuti saka mawu ngati therefore, thus, hence, so, chomwe chabwera pambuyo pake ndiye conclusion, ndipo since, because, after all zikutsogolera zifukwa. Pa mafunso ophweka zimagwira heavy, masabata oyambirira ndimangomenya molondola ndikumva ngati loya kale.

Vuto ndi loti olemba mayesowa nawonso akudziwa kuti tonse tinaloweza mndandanda umenewo. Ndipereke chitsanzo changachanga, ndachipanga ndekha mu Chichewa kuti tione limodzi. "Anthu ena akuti khonsolo ikuze msewu wa pakati pa tawuni kuti magalimoto asamathithikane. Koma kukuza msewuwo n'kutaya ndalama. Msewu ukakula anthu omwe amakwera basi amayamba kubwera pa magalimoto awo, choncho pakatha zaka zochepa kuthithikana kudzabwereranso." Wosaka mawu athamangira pa choncho paja, atenga zoti kuthithikana kudzabwereranso, ndipo mu mayankho muzikhala yankho lonena ndendende zimenezo likumudikira. Walakwa. Imeneyo ndi conclusion inde koma yapanjira, ikugwira ntchito yochirikiza ina. Mfundo yeniyeni ili pakati, yopanda chizindikiro chilichonse kupatula ka koma, yoti kukuza msewu n'kutaya ndalama.

Chomwe chandithandiza mpaka lero, ndipo pulogalamuyi inachitchula kamodzi kokha mu vidiyo ina yakumapeto ngati zongodutsa, ndi kutenga ziganizo ziwiri zomwe zikulimbirana n'kuika chifukwa pakati pawo, kenako n'kuzitembenuza. Kukuza msewu n'kutaya ndalama chifukwa kuthithikana kudzabwereranso, zikumveka. Kuthithikana kudzabwereranso chifukwa kukuza msewu n'kutaya ndalama, sizikumveka olo pang'ono. Basi, chomwe chikulandira thandizo koma chosathandiza china ndicho main conclusion. Zimatenga masekondi ochepa ukazolowera, ndipo ndimadabwa kuti bwanji sanayambire pamenepa m'malo motiloweza mawu ngati ana a sitandade 3.

Kamangidwe kaja koti anthu ena akuti zakuti, koma akulakwitsa, chifukwa chakuti, kamabwera pafupipafupi moti ndikangoona some critics argue kapena it is often claimed maso anga amathamangira pa but kapena however. Apa palinso msampha wina womwe pulogalamuyi sinafotokoze bwino. Nthawi zina conclusion yonse imangokhala mawu ochepa, monga this view is mistaken, ndiye uyenera kubwerera m'mbuyo kukaona kuti maganizo akulakwawo ndi ati, n'kuwatembenuza wekha m'mutu. Yankho lolondola silidzalemba kuti maganizowa ndi olakwa, lidzanena nkhani yonseyo ndi mawu ena. Komanso kunena kuti umboni wa anthu aja ndi wosakwanira si chimodzimodzi kunena kuti zomwe akunenazo ndi zabodza, mayankho olakwika amakonda kusewera pamenepo kwambiri.

Mayankho olakwika mwa njira imeneyi ndawazolowera nkhope zawo. Pali lomwe likunena zoona zomwe zilidi mu ndime koma ndi chifukwa chabe. Pali lomwe lakokomeza, wolemba wati mwina sizithandiza ilo likuti sizidzathandiza mpaka kalekale. Ndiye pali londinyenga kwambiri lija, lomwe likupita patsogolo kuposa wolemba, mwachitsanzo loti khonsolo igule mabasi ambiri. Ndi nzeru yabwino eti, mwinanso wolembayo angavomere, koma sananene. Funsoli silikufunsa zomwe zingatsatire, likufunsa zomwe munthuyo waima nazo.

Zabwino za pulogalamuyi zilipo, ndisaname. Kusanja mafunso ndi mtundu wake kunandithandiza kuti ndimenye a main conclusion okhaokha motsatizana mpaka diso lizolowere, ndipo imasunga mbiri ya mafunso omwe walakwa ndiye umawapeza mosavuta. Pa basi popita kuntchito imagwira bwino, simazimazima. Koma pofika mwezi wachitatu ndinayamba kuona kuti mafunso ena si ochokera ku mayeso enieni akale, analemba okha, ndipo amenewo conclusion yake pafupifupi nthawi zonse ili kumapeto ndi therefore wake pamphumi. Zimakukweza mtima zabodza. Ndikapita pa LawHub, pomwe a LSAC amaika ma PrepTest, omwe ndi mayeso enieni akale, ndipo ena ndi aulere, malikisi anga amatsika poyerekeza ndi a mu pulogalamu, ndiye ndinayamba kukhulupirira a LawHub okhawo.

Chinanso chotopetsa, mavidiyo ofotokoza mayankho ndi aatali zedi, mphindi zambirimbiri pa funso lomwe pa mayeso uli ndi mphindi imodzi ndi masekondi ochepa, ndipo amayamba kuwerenga mayankho A mpaka E asananene kuti conclusion ndi iti. Ine pano ndimachita mosemphana, ndimabisa mayankho ndi dzanja, ndinene kaye ndekha ndi mawu anga kuti munthuyu akuti chakuti, kenako ndiyang'ane lomwe likufanana. Kwa ife amene Chingerezi tinachiphunzira ku sukulu izi zimathandiza kawiri, chifukwa ziganizo za LSAT ndi zazitali zopindikapindika ndipo ukayamba ndi mayankho onse asanu amaoneka anzeru. Nthawi zina mfundoyo ndimainena mu Chichewa chabe chapansipansi, ikakanika kutuluka ndiye kuti ndimeyo sindinaimve, ndiwerengenso.

Wina andifunsa kuti bwanji kutaya nthawi yonseyi pa mtundu umodzi wa mafunso pomwe pa gawo lonse amangobwera ochepa. Zoona ndi ochepa. Koma mafunso a weaken (kufooketsa mfundo), strengthen (kuilimbitsa), flaw (kupeza pomwe kaganizidwe kalakwika), assumption (kupeza chomwe wolemba wadalira osachinena), ngakhale aja ofunsa ntchito ya chiganizo china mu ndime, onsewo amayambira pomwepo. Ukatenga conclusion yapanjira n'kuyesa ndi yeniyeni, ufooketsa chinthu cholakwika mwaluso kwambiri n'kuluza malikisi. Kusintha kwanga kwakukulu kunaoneka pa mafunso a flaw ndi assumption, osati pa a main conclusion penipenipo, ndipo ma graph a pulogalamuyi sakanandionetsa zimenezo chifukwa amawerenga mtundu uliwonse paokha ngati sizikhudzana.

Ndiye kodi ndilipiranso? Ayi, mwezi uno ukatha ndasiya. Kwa amene mukungoyamba kumene ndipo simudziwa kusiyana kwa premise (chifukwa) ndi conclusion, mwezi umodzi kapena iwiri ikukwanirani, mumenye ma drill, muonere mavidiyo oyambirira pa liwiro lokwera, koma musanalipire afunseni ngati mafunso awo onse ali ochokera ku LSAC. Zikatero samukirani pa ma PrepTest enieni ndi wotchi ya mphindi 35, ndipo funso lililonse lomwe mwalakwa mulembe mu kope ziganizo ziwiri zomwe zimalimbirana ndi chomwe chimachirikiza chinzake. Ine langa latsala masamba ochepa, ndikagula lina Loweruka.