Cannondale CAAD13: chaka chimodzi pa njinga ya aluminiyamu

Nditaganiza zosiya njinga yanga yakale yachitsulo, mtima wanga wonse unali pa felemu ya kaboni (ulusi wolimba koma wopepuka womatidwa pamodzi), poti ndiyo imene akatswiri a mpikisano wa njinga wa Tour de France amakwera. Koma ndalama zimene ndinasunga zikanangokwanira kaboni yotsika mtengo yokhala ndi magiya ndi mawilo wamba, choncho ndinagula Cannondale CAAD13 ya aluminiyamu yokhala ndi magiya a Shimano 105, ndipo tsopano ndaipalasa chaka chathunthu.

Anthu amakokomeza nkhani ya kulemera. N'zoona kuti kaboni ndi yopepuka, koma kusiyana kwa felemu yabwino ya aluminiyamu ndi ya kaboni ya mtengo wapakati sikufika ngakhale pa kulemera kwa botolo limodzi lodzaza madzi. Pokwera phiri la Zomba kupita ku Ku Chawe, chimene chimandibwezera m'mbuyo ndi mimba yangayi, osati felemu.

Chimene ndinkaopa kwambiri chinali kugwedeza, pakuti njinga zakale za aluminiyamu zinkatumiza bampu iliyonse m'manja ndi kumsana. CAAD13, imene inatuluka mu 2019, imalola matayala okulirapo, ndipo nditaika a mamilimita 28 m'lifupi n'kuchepetsako mpweya, phula lokumbika linasiya kundichititsa dzanzi m'zala. Ndivomereze kuti kaboni ya mnzanga imene ndinabwerekapo inkafewa kuposa apa pa ulendo wautali, ngakhale kuti kusiyanako sikunali koyenera ndalama zowonjezerazo.

Njinga ya mnzangayo ndiyo inanditsimikizira kuti sindinalakwitse. Tsiku lina anaimangirira kumbuyo kwa lole, wothandiza dalaivala anakoka chingwe mwamphamvu, ndipo mpopi wapamwamba wa felemu unasweka mkati pamene penti inkaoneka bwinobwino. Tinazindikira pambuyo pake poigogoda ndi kobiri, pamene malowo analira mogonthera. Kaboni imafunanso sipanala yoyeza mphamvu pomanga mabawuti a chishalo ndi handulo, chida chimene amakaniko ambiri a m'misika yathu alibe. Aluminiyamu ikagundidwa imafwaphika poonekera, munthu n'kudziwa pamene pali vuto, ngakhale kuti ikathyoka si ya kupita nayo kwa wowotcherera mageti, chifukwa malo owotchererawo amafooka ngati felemuyo sinatenthedwenso mwaukadaulo.

Ndalama zimene zinatsala ndinagulira mawilo opepuka, ndipo kusintha kumeneko ndinakumva m'miyendo pa chitunda choyamba.