Sienta ya ex-Japan kapena yatsopano ya mu showroom, mmene ndaonera ine

Amene mukuvutika maganizo kuti mugule galimoto yatsopano kapena ya ex-Japan, ine ndikuuzani za Toyota Sienta ya 2012 imene ndimayendera muno mu Lilongwe ndie muona nokha. Galimotoyo payokha ndikuipatsa 4 pa 5, koma yadi imene ndinagulako ndikuipatsa 2 basi, ndipo ziwirizi musaziphatikize chifukwa ndi nkhani zosiyana.

Ndisanagule ndinakalowa mu showroom kukafunsa Starlet yatsopano, ndipo kunena zoona anandilandira bwino, anandifotokozera zonse mosathamanga. Starlet ya masiku ano kwenikweni ndi Suzuki Baleno yopangidwa ku India yongoikidwa chizindikiro cha Toyota, si chinsinsi ayi ndipo si vuto, galimoto yake ndi yabwino. Umapeza waranti, makilomita ali pa ziro, palibe munthu anaiyendetsapo molakwika, ikavuta umangoibweza kwa eni ake. Chimene chinandibweza ndi mtengo. Mitengo ya magalimoto atsopano imatsatira dola, ndie kwacha inagwa ndi 25% mu May 2022 kenako ndi 44% mu November 2023, munthu wolandira malipiro a pamwezi ungafikeko bwanji? Ena amati katengeni ngongole ku banki, koma Reserve Bank itakweza policy rate, chiwongoladzanja chimene imabwereketsera mabanki, kufika 26% mu 2024 chiwongoladzanja cha mabanki chinakwera nacho, ukawerengera zaka zonse zobweza umapeza kuti walipira ndalama yoti ukanamangira nyumba ku 49 kapena ku Chitipi. Nchifukwa chake magalimoto atsopano ambiri amene mumawaona pa Capital Hill ndi ku City Centre ndi a boma, ma NGO ndi makampani, ma Hilux ndi ma Land Cruiser aja.

Tsono Sienta. Iyi ndi ya mtundu woyamba uja umene anapanga kuyambira 2003 mpaka 2015, ya mipando 7, zitseko zakumbuyo zotsetsereka, injini yake ndi 1NZ ya 1.5 yomwe ilinso mu Probox, Fielder ndi Axio. Apa mpamene pali mtima wa nkhani yonse abale anga. Injini imeneyi makaniko wina aliyense wa ku Biwi amaidziwa, ukangoti 1NZ safunsanso zambiri, ndipo masipeya ali mbwee, atsopano ndi ogwetsa pa galimoto zina omwe. Ma coil, ma plug, ma engine mounting, water pump, umapita mmawa masana galimoto yatuluka. Ili ndi tcheni osati lamba wa timing ndie nkhawa yoti lamba aduka uli pakati pa Dedza ndi Ntcheu palibe. Komanso chifukwa anyamata a taxi anaikonda kwambiri Sienta, chilichonse chimene chimavuta pa galimotoyi chinadziwika kalekale, palibe choyesera pa galimoto yako. Mnzanga wina anaoda galimoto ya ku Ulaya yooneka bwino kuposa yanga kutalitali, koma sensa imodzi itafa inakhala pa yadi kudikira kuti sipeya ichoke ku Johannesburg, pamenepo nkuti madola akusowa mmabanki.

Mafuta imamwa mwaulemu, ndipo nthawi ija timagona pa mizere ya pa filling station ndinathokoza kuti sindinatenge ya injini yaikulu. Malo mkatimo ndi ambiri, mipando yakumbuyo kwenikweni imapindika nkulowa pansi pa mipando yapakati, ndie matumba a chimanga ochokera kumudzi, ana ndi apongozi onse amakwana. Koma mipando iwiri yakumbuyoyo ndi ya ana, munthu wamkulu kumuika kumeneko mpaka ku Mzuzu ndi kumulakwira.

Zovuta zilipo. Galimotoyi inapangidwira misewu ya ku Japan, ndi yofupika pansi, ndie mukakhala ku Area 25 mkati, ku 36 kapena ku Mtandire nthawi ya dzinja mudzamva ikukhula pansi pa maenje ndi mahampu, makamaka mukadzaza anthu. Ma shock ndi ma bush amatha msanga, zimenezo ingoziikani mu bajeti ya chaka chilichonse. Giyabokosi yake ndi otomatiki ya mtundu wa CVT, imafuna mafuta akeake a CVT, wina akakuthirirani ATF, mafuta a otomatiki wamba, poti ndi wotchipa ndie kuti mwaipha, ndipo giyabokosi si yotchipa. Wailesi ya ku Japan imathera pa 90 FM pomwe masiteshoni ambiri a kuno ali pamwamba pa 90, ndie pamafunika ka expander kapena kusintha wailesi yonse, ndipo sikirini yake imalemba Chijapani chokhachokha.

Za yadi ija ndie zinandipweteka mtima. Sinditchula dzina koma ndi imodzi mwa mayadi a m'mbali mwa M1. Ukamafika ndi abwana abwana, iyi yangotsika kumene, sinayendepo pa Malawi pano, madamu akaiona akondwa. Nditapempha auction sheet, pepala lija limene limaonetsa giredi ya galimoto ndi makilomita ake pamene inkagulitsidwa ku Japan, anayamba kuzungulira, mawa bwana, ili ndi ejenti, mpaka lero. Makaniko amene ndinapita naye anayang'ana chiwongolero ndi ma pedal mmene zinathera nkundiuza kuti achimwene makilomita ali pa dashboard apa si enieni, koma injini ndi yamoyo, tsitsani mtengo mutenge. Anaonanso kuti matayala ndi a chisanu aja, ofewa, amene pa tala wotentha wa mu October amatha ngati sopo. Tinakambirana, mtengo unatsika, koma lonjezo loti andipatsa kiyi wachiwiri ndi jeke silinakwaniritsidwe, ndipo ndalama zitangolowa foni anasiya kuyankha. Chimene ndingawayamikire nchoti mapepala a MRA anali olongosoka, nambala ya chassis inagwirizana ndi ya pa mapepala, ndie ku Road Traffic kulembetsa ndi COF zinayenda popanda kufuna dobadoba.

Ena amati bola kuoda wekha pa intaneti, pa BE FORWARD kapena SBT, galimoto nkutsikira ku Dar es Salaam, kudutsa Mbeya, kulowa pa Songwe, kukwera Chiweta mpaka kufika kuno. Njira imeneyo imathandiza chifukwa umasankha wekha ndipo zithunzi umaziona zonse, koma mtengo umene mukuuona pa foni si womaliza. Pali za pa doko, ejenti wokiliyala, dalaivala ndi mafuta a ulendo wonsewo, kenako msonkho wa MRA umene umatengera chaka cha galimoto ndi kukula kwa injini, ndie funsani msonkhowo kaye musanatumize ndalama. Anthu ambiri galimoto zawo zimakhalira pa boda chifukwa anawerengera za ku Japan zokha. Ndipo muziyang'ana pansi pa galimoto, zina zimachokera kumadera a chisanu kumene amathira mchere mu msewu, pamwamba penti ili phuliphuli koma pansi dzimbiri.

Yatsopano sindikuinyoza ayi. Ngati muli ndi bizinesi yoyenda maulendo ataliatali, kampani ikulipira, kapena simukufuna kudziwana ndi amakaniko, tengani yatsopano mudzagona tulo. Koma kwa ife oyenda Kawale, Kanengo, kusukulu ya ana ndi kumudzi pa Khirisimasi, Sienta yakale ikugwira ntchito yonse imene ndinaigulira. Ine nditangoitenga ndinasintha oyilo, mafyuluta, mafuta a CVT, matayala onse ndi batire, ndipo ndalama ya zimenezi muisunge padera musanapite pa yadi, musathere yonse pa mtengo wa galimoto. Makaniko wopita naye akhale wanu, osati amene akuitanireni a pa yadipo.